Kusonkhera Luso ndi Kusonkhera Chisoni

Aliyense amene anakula akumvera wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amalidziwa liwu la Allan Namoko, ngakhale atayiwala dzina la mwini wake. Linali liwu la munthu wozolowera kuimba pabwalo, mphepo ikuwomba, anthu akudutsa, ndipo pansi pake pankalira banjo yosatopa, yobwereza kachigawo kamodzi mpaka kakhazikike m'mutu mwa womvera. Namoko anali wa ku Thyolo, anabadwa mu 1956, ndipo anali wosaona. Ankaimba m'Chilomwe ndi m'Chichewa pamodzi ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40, ali mu umphawi umene mbiri yake yonse inalephera kuuchotsa.

Ndiyambe ndi luso lake, popeza ndi limene limatayika msanga anthu akayamba kukamba za iye. Namoko sankagwira banjo ngati chida chongoperekeza mawu. Ankaimenya ngati ng'oma uku akuilankhulitsa, kotero kuti kugunda kwa nyimbo ndi kulira kwake zinkachokera m'dzanja limodzi. Nyimbo zake zimayenda panjira yopapatiza, ndipo womvera wothamanga anganene kuti zonse n'zofanana. Koma kubwereza kwake n'kwa amayi osinja pamtondo: musi umagwa pamalo amodzi, komabe chimanga chikusintha pa kugwa kulikonse. Akabwereza mzere kachitatu, amaupinda pang'ono, amauchedwetsa kapena kuuthamangitsa, ndipo chimene chinayamba ngati nthabwala chimatha ngati maliro. Nyimbo zake zodziwika zimatchula anthu ndi mayina awo, a Lameck, Achilekwa, ndipo zimaloza ana amasiye ndi mabanja osokonekera. Sizipempha womvera kuti amvere chisoni woimbayo. Maso a nyimbozo amayang'ana kunja, kwa anthu ena, ndipo munthu amene sanauzidwe sangadziwe kuti mwini wake anali wosaona.

Si zonse zimene anasiya zili zabwino. Pali nyimbo zina zimene zimatalika nkhani itatha kale, ndipo pali zina zimene mawu amamira pansi pa zoimbira moti uyenera kutchera khutu kuti utole chimene akunena. Ndikunena izi mwadala. Namoko anali katswiri, ndipo katswiri amayenera kuyezedwa ndi muyeso weniweni. Kumuyamikira pa chilichonse chifukwa anali wosaona n'kumulanda ulemu umene zala zake zinamupezera.

Tsono munthu waluso lotere anapindula chiyani? Kwa zaka zambiri za kuimba kwake, m'Malawi munalibe bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo. Lamulo latsopano loteteza umwini wa ntchito zaluso linabwera mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba mu 1992, Namoko atatsala ndi zaka zitatu zokha za moyo. M'chaka chomwecho kampani ya Pamtondo, imene anayambitsa Dr John Lwanda ali ku Scotland, inatulutsa chimbale chake chotchedwa Ana Osiidwa, ndipo anthu a maiko akutali anamumva. Koma mbiri siphikidwa. Zimene woimba ngati iyeyu amasowa tsiku ndi tsiku n'zazing'ono zochititsa manyazi kuzitchula: nsambo zatsopano, chikopa cha ng'oma, ndalama ya basi ya gulu lonse kupita ku Blantyre, ndi ufa wa miyezi iwiri woti akhale pansi n'kupeka nyimbo m'malo moimirira pamsika. Dziko lonse linkavina nyimbo zake, koma panalibe njira yoti ovinawo asonkhe kangachepe n'kumuikira m'manja kuti agwirire ntchito.

Musanene kuti Amalawi ndife aumbombo. Timapereka, ndipo masiku ano timapereka mwachangu kuposa kale. Woimba wodziwika akadwala, chithunzi chake chimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp pamodzi ndi nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba, ndipo pofika madzulo ndalama zayamba kulowa. Ichi n'chabwino, ndipo wodwala amene wagulidwira mankhwala sasowa wina womuuza kuti wathandizidwa molakwika. Chondivuta n'chakuti mtima wathu umatseguka pokhapokha munthu wagona. Ali chilili, ali ndi mphamvu zopanga chinthu, tikumudutsa. Timasonkhera chipatala, timasonkhera bokosi kapena nsalu, pambuyo pake timasonkhera chiliza, koma sitinaphunzire kusonkhera ntchito. Ndipo kuti ndalama ituluke m'thumba mwathu, pamafunika chithunzi choti chitilase: mwendo wopuwala uonekere, khungu lopsa ndi dzuwa lijambulidwe pafupi, nyumba yogumuka ikhale kumbuyo. Waluso amaphunzira msanga kuti chimene chikugulidwa si nyimbo yake kapena mkeka wake. Chikugulidwa ndi chilonda chake, ndipo chilonda chogulitsidwa sichiloledwa kupola.

Mayi wina wa ku Australia, Stella Young, mtolankhani komanso wanthabwala amene anakhala moyo wake pa njinga ya anthu aulumali, analankhula za msampha umenewu ku Sydney mu 2014, chaka chomwe anamwalira. Dandaulo lake linali lakuti anthu alungalunga amakonda kugwiritsa ntchito anthu aulumali ngati mankhwala olimbitsa mtima wawo: amawaombera m'manja chifukwa chongodzuka m'mawa, n'kubwerera kunyumba akudzimva kuti mavuto awo ndi ochepa. Kuomba m'manja kotereku kumatumikira woombayo. Woomberedwayo amatsala pomwe anali, ndipo ntchito yake palibe anaiyang'ana.

Nkhani ya Lazarus Chigwandali imaonetsa mbali zonse ziwiri. Lazarus ndi woimba wachialubino amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopangidwa ndi chigubu cha mafuta. Johan Hugo, wa ku Sweden, yemwe amaimba ndi Esau Mwamwaya m'gulu la The Very Best, anamujambulira chimbale chotchedwa Stomp on the Devil, chimene chinatuluka mu 2019. M'chaka chomwecho filimu yaifupi ya moyo wake, yokonzedwa ndi David Darg mothandizidwa ndi Madonna, inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Tribeca ku New York. Filimuyo inafika pa nthawi yake. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 abale athu achialubino ankasakidwa, kubedwa ndi kuphedwa, ngakhale manda awo ankafukulidwa, ndipo kunali kofunika kuti dziko lapansi lione nkhope ya munthu wamoyo, bambo wa ana, woseka ndi woimba, m'malo mwa chiwerengero cha mitembo. Pa ichi okonza filimuyo ayenera kuthokozedwa.

Komabe muonereni ndi diso la luso. Nyimbo za Lazarus n'zachikhulupiriro cha Chikhristu, zothamanga, zachisangalalo, ndipo mphamvu yake ili m'liwu lokwera ndi m'kamenyedwe ka chigubu chija. Nkhani zambiri zimene zinalembedwa za iye kunja zinathera ndime zake pa zoopsa zimene alubino akukumana nazo, ndipo nyimbozo zinangopatsidwa mizere iwiri ya kumapeto. Munthu anatuluka mumsewu chifukwa cha kuimba, koma anafika pa nsanja yaikulu atasenzetsedwa mtolo wolankhulira anthu onse a khungu lake. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, ndipo anapezanso kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Pakati pa khamu limeneli pali oimba, osema, oluka, osoka ndi olakatula ambiri. Mlendo wa kamera sangawapeze onse. Kutulukiridwa ndi wakunja kuli ngati mphezi: kumagwa pamtengo umodzi, nkhalango yonse n'kutsala mumdima. Anzathu a ku ndende ya Zomba anaona zomwezo. Chimbale chawo chimene anajambula Ian Brennan chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, dziko linadabwa kwa mwezi umodzi, kenaka linatembenukira kwina.

Za boma ndinena mwachidule. Lamulo la za ulumali la mu 2012 linalonjeza thumba la ndalama zothandizira anthu aulumali, ndipo zaka zinadutsa thumbalo lili papepala. Mu 2024 kunabwera lamulo lina limene linasandutsa MACOHA kukhala MACODA. Fakitale yoluka nsalu ya ku Bangwe yapatsa anthu aulumali ntchito kwa zaka zambiri, ndipo ntchito ndi chinthu chamtengo wapatali. Koma ndalama za mabungwe akuluakulu zimayenda ndi mafomu a Chingerezi, akaunti ya kubanki ndi kalata ya bungwe lolembetsedwa. Mayi wosamva amene amaluka mikeka ku Makanjira sadzaona fomuyo, ndipo akaiona sadzapeza womuwerengera m'chinenero cha manja.

N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana kumene anthu wamba anayesa kusonkhera luso paokha, ndi kuyeza zimene anachitazo mosakondera.

Mu February 2010, mumzinda wa Detroit ku America, anthu ochepa anayamba mwambo umene anautcha Detroit SOUP. Detroit unali mzinda wa mafakitale a galimoto umene unali utagwa. Pofika 2013 mzindawo unalengeza kuti walephera kubweza ngongole. Mwambowo ndi wosavuta. Wobwera amapereka ndalama pakhomo (pachiyambi anali madola asanu), amalandira supu, buledi ndi masamba, komanso voti imodzi. Anthu anayi amene ali ndi ntchito yofuna ndalama amaimirira mmodzimmodzi, aliyense amalankhula mphindi zinayi ndi kuyankha mafunso anayi. Kenaka anthu amadya, amakambirana, amavota, ndipo wopambana amanyamula ndalama zonse za pakhomo usiku womwewo. Pakapita nthawi amabweranso kudzafotokoza zimene anachita nazo. Maganizowa anawatengera kwa aluso a ku Chicago amene anayamba zofanana mu 2007, ndipo afalikira m'mizinda yambiri.

Pali zambiri zokoma m'njira imeneyi. Wosonkha ndi wolandira amadyera m'chipinda chimodzi, choncho palibe bwana ndi wopempha. Ndalama siyenda m'manja ambiri. Ngakhale wolephera amachoka atadziwana ndi anthu amene angamubwereke chida kapena chipinda. Ndipo kubweranso kudzafotokoza kuli ndi mphamvu kuposa malisiti, chifukwa n'kosavuta kunamiza pepala kusiyana ndi kunamiza anthu amene unadya nawo.

Koma taganizirani amene angapambane pa mphindi zinayi pamaso pa khamu. Ndi wa pakamwa pothwa, wozolowera kuimirira pagulu, amene ali ndi anzake ambiri oti abwere kudzavota. Wachibwibwi adzathera mphindi zake pa chiganizo chachiwiri. Wosamva adzafunika womasulira, ndipo womasulira amadya theka la nthawi. Wodwala khunyu, amene akhala akubisidwa kuseri kwa nyumba kuyambira ali mwana, sadzafika n'komwe. Detroit SOUP inayambira m'chipinda cha pamwamba pa bekare, ndipo chipinda cha pamwamba chimasankha anthu ake chisanayambe kuvota. Choopsa kwambiri n'chakuti waulumali akafika pamalo otere, khamu limamuyesa ndi mtima m'malo mwa diso. Akalira, apambana. Akangoonetsa ntchito yake n'kukhala pansi, angagonje kwa mnzake amene ntchito yake ndi yofooka koma nkhani yake ndi yolasa. Voti ya gulu, ikapanda kusamalidwa, imatibwezera ku chithunzi chija cha pa Facebook, kungoti tsopano pali supu.

Njira ina inayamba ku Boston mu 2009 ndi Tim Hwang ndi anzake, ndipo imatchedwa Awesome Foundation. Anthu khumi amasonkha madola 100 aliyense pamwezi, amawerenga zimene opempha alemba, ndipo amapereka madola 1,000 kwa mmodzi popanda chingwe: sabweza, ndipo osonkha satenga gawo pa ntchito yake. Apa palibe nsanja, choncho wamanyazi ndi wachibwibwi ali ndi mwayi. Koma anthu khumi odziwana amakonda zofanana, ndipo mosadziwa amasankha amene akufanana nawo. Chimene chinandikhutiritsa m'bungwe limeneli ndi nthambi yake ina yoona za ulumali, imene osonkha ndi osankha ake ndi anthu aulumali eni ake. Kusintha kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Munthu amene wakhala pa njinga zaka makumi awiri sagwedezeka ndi kuona njinga. Wosaona sadabwa kuti wosaona mnzake akuimba. Amapyola zonsezo n'kufunsa funso limene ife alungalunga timachita nalo manyazi: kodi ntchitoyi ndi yabwino?

Kuno kwathu zipangizo zonse za njira zimenezi tili nazo kale, ndipo tinazidziwa Detroit asanaphike supu. Amayi a m'misika ya Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amayendetsa chipereganyu popanda loya. Banki m'khonde ili pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndi bokosi lake la maloko atatu. Ukwati ukayandikira, komiti imakhala pansi, ndipo mpunga, nkhuni ndi mbuzi zimapezeka. Mabanja khumi atamasonkha K5,000 lililonse pamwezi, pakutha pa miyezi itatu pali K150,000, ndipo imeneyo ndi ndalama yoti msoki agulire ulusi ndi nsalu za nyengo yonse ya Eid. Chimene chikusowa si njira yosonkhera. Chikusowa n'chikhulupiriro chakuti luso ndi ntchito ngati usodzi, yofuna ukonde wake ndi bwato lake, ndiponso chakuti munthu waulumali angakhale mwini ntchitoyo.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga afika pano nkhope itakwinyika, chifukwa ndatchula oimba ambiri, ndipo pa nkhani ya zoimbira mashehe athu sagwirizana chimodzi. Mkangano umenewo ndi wakale ndipo suthera m'nkhani ino. Koma luso si banjo yokha. Wopeta zisoti, woluka mikeka ya mlaza, wosema zitseko, wolemba zilembo za Chiarabu pakhoma la mzikiti, wolakatula ndakatulo m'Chiyao, woimba kaswida ndi liwu lokha, onsewa ndi aluso, ndipo pakati pawo pali aulumali ambiri chifukwa ntchito za manja ndi za pakamwa ndi zimene zimatsalira munthu amene sangapite kunyanja kapena kumunda. Amene mtima wake sulola kusonkhera gitala ali ndi zambiri zoti asonkhere.

Pali kusiyana kumodzi kumene ife amene timapereka zakaat ndi swadaka tiyenera kukusunga bwino. Waluso wosauka ali ndi gawo lake m'zopereka chifukwa ndi wosauka, ndipo safunika kuimba kapena kuluka kuti alilandire. Limenelo ndi gawo la mimba yake, ndipo palibe ayenera kulipikisanitsa. Ndalama yosonkhera luso ndi ina. Imapita kwa munthu chifukwa cha zimene manja ake angathe, ndipo ingapite kwa uyu n'kusiya uyo ngakhale uyo ndiye wosaukitsitsa. Tikasakaniza ziwirizi timawononga zonse: osauka amayamba kunamizira luso kuti adye, ndipo aluso amayamba kuonetsa umphawi kuti apambane. Mbiri ya Abdullah ibn Umm Maktum, swahaba wosaona amene nkhani yake ili kumayambiriro kwa Surah ya 80, imadziwika m'madrasa iliyonse, koma kawirikawiri timaiphunzitsa ngati phunziro la chifundo chokha. Timayiwala kuti munthuyu anapatsidwa udindo. Anali muazini pamodzi ndi Bilal, ndipo Mtumiki (SAW) akachoka paulendo ankamusiyira Madina kuti atsogolere anthu. Muazini sasankhidwa chifukwa chomumvera chisoni. Amasankhidwa chifukwa liwu lake limafika ndipo anthu angamudalire.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri pa nkhani yosonkhera luso chikuchokera ku Egypt. Taha Hussein anabadwa mu 1889 m'banja la kumudzi, ndipo anasiya kuona ali wamng'ono chifukwa cha matenda a maso amene anachiritsidwa molakwika. Njira imene inkayembekezera mwana wosaona wa m'banja lotere inali yodziwika: kuloweza Qur'an, kenaka kumawerenga pa maliro ndi m'nyumba za anthu kuti apeze chakudya. Anapita ku al-Azhar mu 1902. Mu 1908 ku Cairo kunatsegulidwa yunivesite yatsopano imene sinamangidwe ndi boma. Inamangidwa ndi zopereka za anthu, olemera ndi wamba, amene ankafuna kuti ana a dziko lawo aphunzire maphunziro amakono. Taha Hussein analowa m'yunivesiteyo, ndipo mu 1914 anakhala woyamba kulandira digiri ya udokotala kumeneko. Atapempha kuti atumizidwe ku France ngati anzake, akuluakulu a yunivesite poyamba anakana, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti munthu wosaona afunika womuperekeza, ndipo womuperekeza ndi ndalama ina. Iye anaumirira mpaka anamulola. Anaphunzira ku Montpellier ndi ku Sorbonne, anabwerera, analemba mabuku amene akuwerengedwabe, kuphatikizapo mbiri ya moyo wake yotchedwa Al-Ayyam, ndipo mu 1950 anakhala nduna ya zamaphunziro n'kumenyera nkhondo maphunziro aulere.

M'nkhani imeneyi muli zinthu ziwiri zimene komiti iliyonse yosonkhera luso idzakumana nazo. Choyamba n'chakuti osonkha sanagule mwana womvera. Mu 1926 Taha Hussein anatulutsa buku la ndakatulo za Chiarabu za nthawi Chisilamu chisanafike, ndipo bukulo linakwiyitsa mashehe a ku al-Azhar ndi anthu ambiri opembedza mpaka nkhani inafika kwa woimira boma pa milandu. Mosakayika ena mwa amene anasonkhera yunivesite ija anamva kuwawa. Wowerenga angatsutsane ndi bukulo, ndipo ambiri anatsutsana nalo polemba mabuku awo, umene ndiwo mkangano woyenera. Koma ndalama yosabweza iyenera kukhaladi yosabweza, ngakhale m'njira ya kugwada. Tikamayembekezera kuti wolandira azititamanda pa msonkhano uliwonse, azijambulidwa atagwira envelopu, aziluka zokhazo zimene ife tikufuna, ndiye kuti sitinasonkhere luso. Talemba ganyu womutuma kutiyamika.

Chachiwiri ndi ndalama ya womuperekeza ija. Apa ndi pamene mathumba ang'onoang'ono ambiri amapunthwa, chifukwa amakonda chilungamo cha masamu: aliyense alandire zofanana. Koma K100,000 m'manja mwa wosema walungalunga ndi K100,000 m'manja mwa wosema woyenda pa njinga si ndalama imodzi. Wachiwiriyu akakwera minibasi amalipiritsidwa mpando wake ndi wa njinga yake. Wosaona akapita ku Limbe kukagula zipangizo amalipirira anthu awiri, ndipo onse awiri amadya. Wachialubino amene akugulitsa ntchito yake pagombe ayenera kugula mafuta oteteza khungu, chipewa ndi malaya a manja aatali asanagule utoto. Wosamva akakumana ndi wogula amafunika womasulira, ndipo omasulira chinenero cha manja ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda. Thumba limene silinawerengere ndalama zimenezi limapereka theka kwa amene likunena kuti likuwakondera, kenaka limadabwa kuti ntchito yawo sinathe. Ndi osankha aulumali okha amene amakumbukira zimenezi popanda kuuzidwa, ndipo chimenechi chokha chikukwanira kuti akhale pa komiti, ndi voti yonse, osati ngati alendo oitanidwa tsiku lojambula zithunzi. Anthu a ku Nkhotakota anatumiza Overstone Kondowe ku nyumba ya malamulo mu 2021, phungu woyamba wachialubino m'dziko lino. Amene anakhulupirira munthu kuti awapangire malamulo sangavutike kukhulupirira mnzake kuti asankhe mkeka wabwino pakati pa mikeka isanu.

Chovuta koposa chimabwera ndalama itaperekedwa, ntchito itatha, mwini wake waiyala pamaso pa osonkha. Nthawi zina idzakhala yoipa. Chisoti chidzatuluka chopendekeka, ndakatulo idzakhala ulaliki wodulidwa m'mizere, nyimbo idzafanana ndi zana zina za pa wailesi. Mwambo wathu wa ulemu udzatikoka kuti tiombe m'manja, makamaka poona ndodo yoyera kapena njinga. Koma waluso aliyense amakula chifukwa wina anamuuza pamene pakhota. Mmisiri wa mabwato sauza wophunzira wake kuti bwato lodontha ndi lokongola, pakuti nyanja idzamuuza zoona mwa njira yowawa. Waulumali amene amangoyamikiridwa amakhala zaka makumi awiri pamalo amodzi, ndipo mumtima amadziwa kuti palibe akumuyang'ana. Komiti yabwino imafunika kukhala ndi mmodzi wodziwa ntchitoyo, woluka pakati pa oluka, wolakatula pakati pa olakatula, amene angatenge mkeka m'manja, kuutembenuza, n'kuloza pamene mlaza walekana.

Ndipo ntchito ikalephereka, ndalama n'kutha popanda chooneka, osonkha asathamangire kunena kuti aberedwa. Thumba laling'ono lili ndi ufulu umene boma ndi mabungwe alibe: lingataye K50,000 pa munthu amene sanayesedwepo, mwezi wotsatira n'kusonkhanso. Pa anthu asanu opatsidwa, mwina awiri adzagwa, awiri adzapanga zapakatikati, ndipo mmodzi adzabwera ndi chinthu chimene mudzi sunaonepo. Amene wagwa afunsidwe chimene chinachitika. Kawirikawiri yankho lidzakhala la mwana amene anadwala malungo, kapena la womuperekeza amene anakwatiwa n'kusamukira ku Monkey Bay, kapena la ulusi umene unakwera mtengo pakati pa tsiku lopempha ndi tsiku lolandira. Mlembi alembe mayankho amenewa m'kope la komiti, chifukwa ndi amene adzanene kuchuluka kwa ndalama yoyenera kupereka ulendo wotsatira.